Kwa Eni Kulibe Mkuwe, Ngakhale Utalipira



Lero ndabwera ndi mlandu. Mwezi wathawu ndidali pa chinkhoswe cha mwana wa mnansi wanga. Titatha kudya, tili pamthunzi wa mango, padafika bambo wina amene ndidamuphunzitsa kalekale akadali mnyamata wa kabudula. Tsopano ndi munthu wa ndalama zake, woyenda maiko, ndipo mahotela a ku Dubai ndi ku Johannesburg amawatchula ngati akuwerenga midzi ya kwawo. Atamva kuti mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Osaka, adanditengera ku Japan mu Novembala 2023 nakandigoneka m'nyumba ya alendo yachikale yotchedwa ryokan, adaseka mpaka misozi.

"Aphunzitsi," adatero, "anthu amenewo adakuberani dzuwa likuswa mtengo. Inenso ndidagonako usiku umodzi, ndipo sindidzabwereza. Ndalama zonsezo, koma akukuvula nsapato pakhomo, akukuuza ola lodyera ngati uli ku sukulu yogonera konko, akukugoneka pansi ngati uli pamaliro, kenaka akuti ukasambe wamaliseche ndi anthu osawadziwa! Ine ndikalipira sindiuzidwa zochita. Kasitomala ndi bwana."

Sindidamuyankhe pomwepo, pakuti chinkhoswe chidali cha eni. Koma ndidaona achinyamata angapo akugwedeza mitu movomereza, ena mwa iwo adzukulu anga enieni, ndipo mtima udandiwawa. Mawu akuti kasitomala ndi bwana akuphunzitsa ana athu kulowa m'nyumba za eni chifuwa chili patsogolo. Makolo adati: kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku ndi chiwalo. Mkuwe ndiyo mfuu imene munthu amaikweza ali pakwawo. Ukakhala kwina umatsitsa mawu, ndipo chimene akugawira umachilandira ndi manja awiri. Mwambiwu ndaufunafuna mbali zonse, koma sindidapezemo pamene akuluwo adawonjezera kuti "pokhapokha ngati walipira."

Ndiyambe ndakuuzani za malowo, kuti mlandu tiuzenge tikudziwa chimene tikukamba.

Tidapita ku Kinosaki, m'chigawo cha Hyogo, pafupi ndi gombe la Nyanja ya Japan. Kuchokera ku Kyoto ndi ulendo wa maola awiri ndi theka pa sitima yapamtunda. Ndi katauni kopanikizika pakati pa mapiri, ndipo pakati pake pamadutsa kamtsinje ka Otani, kokhala ndi mitengo ya msondodzi tsidya lino ndi tsidya lina, ndi timilatho tamiyala. Chuma cha katauniko ndi madzi otentha otumphuka pansi, onga amene ena a inu mudawaona pa Mawira ku Nkhotakota. Eni dziko amawatcha onsen. Lamulo lawo la 1948 limati kasupe ayenera dzinali ngati madzi ake akutuluka ali ndi madigiri 25 kapena kuposa, kapenanso ngati muli michere ina ya m'nthaka yofika pa muyeso woikika.

Anthu a ku Kinosaki amasimba kuti wansembe wina wachibuda, Dochi Shonin, adapemphera masiku 1,000 chifukwa cha odwala a m'deralo, ndipo m'chaka cha 720 madzi adatumphuka. Nthano ina imati munthu adaona dokowe wovulala mwendo akuviika bala lake m'thamanda, nachira. N'chifukwa chake imodzi mwa nyumba zosambiramo idatchedwa Kono-yu, ndiye kuti madzi a dokowe. Nyumba zosambiramo anthu onse, zimene amazitcha sotoyu, nthawi imene ndidali kumeneko zidalipo 7. Imodzi mwa izo, Satono-yu, idatsekedwa mu 2024 kuti imangidwenso.

Ryokan ndi nyumba yogona alendo yoyendetsedwa mwa chikhalidwe cha eni dziko. Mtengo wake amawerengera munthu aliyense payekha, ndipo kawirikawiri umaphatikiza chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Woyang'anira alendo ndi mayi wa nyumbayo, wotchedwa okami, ndipo chipinda chanu amachisamalira mayi wina wantchito wotchedwa nakai, amene amakulonjerani ndi tiyi wobiriwira ndi kachakudya kotsekemera mukangofika. Tsopano titenge madandaulo a mwana wanga wa sukulu uja limodzilimodzi.

Loyamba ndi la nsapato. Pansi pa chipinda cha ryokan pamayalidwa tatami, mphasa zochindikala za masentimita pafupifupi 180 m'litali ndi 90 m'lifupi. Zachikale zimakhala ndi mapesi a mpunga m'kati, ndipo pamwamba pake amaluka ndi mtundu wina wa mlulu wotchedwa igusa. Kukula kwa chipinda amakuyeza powerenga mphasazi. Pamenepo ndi pamene munthu amakhalapo, pamenepo ndi pamene amaika katebulo kafupi kodyera, ndipo usiku ndi pamene amayalapo pogona. Pansi pa chipindacho ndiye mpando, ndiyenso bedi. Kodi bwana wathuyu kunyumba kwake amakwera pabedi ndi nsapato zimene waponda nazo pamsika? Nanga bwanji afuna kutero kwa eni? Mateyala a sutikesi amakadzula mlulu uja, ndipo mphasa ikang'ambika ndi mmisiri amene amaitanidwa kudzaisoka. Lamulo la nsapato lili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho mwana wa Sitandade 3 angachimvetse.

Sindikunena izi ngati munthu amene sadalakwepo. Amakupatsani masilipasi oyendera m'khonde, amene mumawasiya pakhomo la chipinda, ndiponso kuchimbudzi kuli ena akeake osatuluka nawo. Usiku woyamba ine mkulu wa sukulu wopuma, amene ndidakhala zaka zambiri ndikudzudzula ana pa za ukhondo, ndidatuluka m'chimbudzi nditavala masilipasi a komweko, ndikuyenda nawo m'khonde monyadira. Mayi nakai adandiona, adawerama, nangoyang'ana kumbali ngati sadaone kanthu. Mwana wanga ndiye adandinong'oneza, "Bambo, taonani kumapazi." Safunsa adadya phula. Ndidachita manyazi, ndidapepesa, ndipo nkhani idathera pomwepo. Eni nyumba amakhululukira mlendo wosadziwa. Amene amawatopetsa ndi mlendo wouzidwa koma wokana kumva.

Dandaulo lachiwiri ndi la ola lodyera. N'zoona, mukangofika amakufunsani ngati mudzadye 6 koloko kapena 7 koloko, ndipo ola mwasankhalo amalisunga. Chakudya chake amachitcha kaiseki: timbale tambirimbiri tobwera motsatana, kalikonse ndi kakomedwe kake, ndipo zonse ndi za nyengo imeneyo. Ife tidafika nyengo ya nkhanu za m'nyanja itangotsegulidwa, pakuti kumeneko amaloledwa kuzigwira kuyambira pa 6 Novembala mpaka mu Malichi. Padalinso nyama ya ng'ombe za mtundu wa Tajima, zimene zimawetedwa m'dera lomwelo. Wophika adagula zinthuzo m'mawa atawerenga mitu ya alendo. Chowotcha chiyenera kufika chikadali chamoto, chozizira chikadali chozizira, ndipo mayi nakai amagwada pobweretsa mbale iliyonse.

Tsono lingalirani za mlendo amene wafika 9 koloko usiku, osatumiza ndi uthenga womwe, chifukwa iye ndi bwana. Wophika akudikira. Mayi nakai akudikira. Woyala pogona akudikira, pakuti sangayale futon, matiresi awo a thonje aja, tebulo lisadachotsedwe. Ndipo mayi yemweyo m'bandakucha ayenera kukhala atadzuka kukonza chakudya cham'mawa. Nyumba yaing'ono ya zipinda khumi ilibe gulu lina la antchito olandira usiku monga hotela yaikulu. Ola lodyera limateteza tulo ta anthu osauka kuposa mlendoyo. Inu amene mudaphikirapo munthu nsima, nkuiona ikuuma m'mbale iye ali kocheza, mukudziwa kuwawa kwake. Kodi ndalama ikadachotsa kuwawako?

Lachitatu ndi la kugona pansi, ndipo apa ndilankhule mosapsatira. Mnyamata ameneyu ndidamudziwa akugona pamphasa, monga ine ndi makolo anga tidagonera. Msana wake sudadandaulepo masiku amenewo. Chimene chimamuwawa lero ndi chikumbumtima cha umphawi, pakuti m'mutu mwake pansi ndi pa amphawi ndipo bedi ndi la otukuka. Koma anthu a ku Japan adayendetsa sitima yawo yaliwiro ya Shinkansen mu 1964, iye asadabadwe, ndipo adzukulu a amisiri amenewo amalipira ndalama zambiri kuti akagone pansi ku Kinosaki. Iwo sadaone chifukwa chotayira mphasa kuti dziko lidziwe kuti adalemera. Amene amayesa chitukuko ndi kutalika kwa miyendo ya bedi ndi munthu amene akuthawabe mudzi wa kwawo, ngakhale ali pa ndege.

Lachinayi ndi la kusamba, ndipo pano ndikhalapo pang'ono, pakuti ndi pamene pagona mutu wa nkhani. Mukafika pa nyumba yosambiramo mumaona nsalu ziwiri zopachikidwa pamakomo, kawirikawiri yabuluu kwa amuna ndi yofiira kwa akazi. Mumavula zonse ndi kuziika m'dengu kapena m'kabati. Musadalowe m'dziwe mumakhala pa kampando kafupi, nkusamba thupi lonse ndi sopo, nkutsukuluza mpaka thovu lonse litatha. Kathaulo kanu sikakhudza madzi a m'dziwe. Ambiri amakapinda ndi kukaika pamutu. Wa tsitsi lalitali amalimanga. Foni ndi kamera sizilowa. Ndipo m'dziwemo, mmene madzi amatentha kupitirira pang'ono madigiri 40, simusambira kapena kuchapa. Mumangokhala phee, madzi ali m'khosi.

Malamulo onsewa ali ndi muzu umodzi: madziwo ndi a anthu onse. Amene walowa m'dziwe ndi litsiro lake wasambitsa anzake onse litsirolo. Ife amene timasamba m'manja tisadapise dzanja m'mbale imodzi ya ndiwo sitiyenera kudabwa nazo zimenezi. Ndiulule kuti kuvula kudandivuta. Ndidaima nthawi ndithu nditagwira lamba, ndikudzifunsa chimene munthu wa msinkhu wanga akufuna pamalo otere. Ndidakumbuka kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndiponso kuti tili anyamata tinkasamba padooko la amuna, akulu ndi ana pamodzi, popanda woyang'ana mnzake. Nditalowa, palibe adanditembenukira. Padali nkhalamba ina yowonda imene idandigwedezera mutu nisendera kuti ndikhale, ndi bambo wina amene ankatsuka msana wa kamwana kake. Ndani mwa iwo adali wolemera, ndani mlimi, sindidadziwe. Eni dziko ali ndi mawu akuti hadaka no tsukiai, ubwenzi wa anthu ovula, pakuti m'madzimo munthu salowa ndi udindo wake. Ndikuganiza kuti chimenechi ndicho chidamupweteka mwana wanga wa sukulu uja. Wotchi yagolide adaisiya m'dengu, ndipo m'dziwemo mudalibe womudziwa kuti ndi bwana.

Tsopano mverani chimene iye sadafunse, chimene chikadamutseka pakamwa. Madzulo alendo a ku Kinosaki amavala yukata, mkanjo wopepuka wa thonje umene nyumba imakubwerekani, ndi nsapato zamatabwa zotchedwa geta, nkumayenda m'misewu kuchoka nyumba yosambiramo iyi kupita ina. Povala mkanjowo mbali ya kumanzere imakhala pamwamba pa ya kumanja, chifukwa kuphatikiza mosemphanitsa ndi mmene amavekera maliro. Wogona m'ryokan amapatsidwa chiphaso cholowera m'nyumba zonsezo. Eni tauni amati tauni yawo yonse ndi nyumba imodzi ya alendo: siteshoni ya sitima ndilo khomo, misewu ndiwo makonde, nyumba za ryokan ndizo zipinda, ndipo sotoyu ndiwo mabafa. N'chifukwa chake mabafa a m'kati mwa ryokan za kumeneko sakula kwambiri. Adagwirizana kuchepetsa kukula kwake kuti mlendo azituluka, ndipo potuluka agule kanthu kwa wa sitolo, amwe kanthu kwa wa tiyi, aliyense adyeko.

Mgwirizanowu sudagwe kumwamba. Pa 23 Meyi 1925, nthawi ya 11 koloko m'mawa, anthu ali pa ntchito yophika, chivomezi chidagwedeza dera lonse la kumpoto kwa Tajima. Moto udabuka, ndipo Kinosaki idapsa pafupifupi yonse. Anthu oposa 400 adafa m'deralo, ambiri a iwo a m'katauni komweka. Otsala adakhala pansi nagwirizana kuti pomanganso atsogoze nyumba zosambiramo anthu onse, ndipo eni malo adapereka gawo la malo awo kuti misewu ndi mtsinje zikuzidwe. Koma mu 1927 mwini wa ryokan ina adafuna kulowetsa madzi a kasupe wa pamalo pake m'bafa la nyumba yake, kuti alendo ake asamavutike kutuluka. Anthu a m'tauni adakana, nati madziwo ndi a onse. Mlandu udapita ku bwalo, ndipo udatha zaka zoposa 20. Udathetsedwa mu 1950 pogwirizana kuti nyumba zikhale nawo mabafa am'kati, koma akasupe onse aziyang'aniridwa ndi bungwe limodzi la anthu a m'tauni, limene limagawa madziwo.

Taganizirani zimenezi, adzukulu anga. Mwini nyumba, wobadwira pomwepo, wokhala ndi kasupe pamalo pake penipeni, sadathe kunena kuti "ndine bwana wa madzi awa." Adayenera kugonjera anzake. Ndiye kubwere munthu wa usiku umodzi, wosadziwa ngakhale dzina la mtsinje umene wawoloka, adzati malamulo a madziwo samukhudza chifukwa ali ndi risiti? Chimene adalipira ndi chipinda, chakudya ndi chilolezo cholowa nawo m'mgwirizano umene anthu adaumanga pa phulusa la abale awo. Khomo sadagule.

Mwina wina anena kuti anthu a ku Japan omwewo amati kasitomala ndi mulungu. N'zoona, mawuwo alipo kumeneko. Adatchuka ndi woimba wina, Minami Haruo, m'zaka za m'ma 1960, ngakhale iye ankanena za mtima woyera umene woimba ayenera kukhala nawo akaima pamaso pa omvera. Anthu adawapotoza mawuwo, nawasandutsa chikwapu chokwapulira antchito. Zipatso zake zidawawa mpaka boma lidalowererapo. Lamulo lawo la nyumba za alendo, la chaka cha 1948, limaletsa mwini nyumba kubweza mlendo popanda zifukwa zochepa zolembedwa m'lamulomo, zimene zikusonyeza kulemera kwa udindo wa wolandira alendo. Koma mu Disembala 2023 lidasinthidwa kuti nyumba izitha kukana munthu amene amabwerezabwereza kulamula zinthu zopyola muyeso. Ndipo mu Epulo 2025 mzinda wa Tokyo udayamba kugwiritsa ntchito lamulo loletsa makasitomala kuzunza antchito. Dziko limene limaposa ambiri pa kulemekeza alendo lidaona kuti mlendo wopanda malire ndi chilombo.

Ndisakhale ngati woweruza womva mbali imodzi. Pali zinthu zimene wotsutsana nane angazinene moona, ndipo ndizivomera.

Mawondo a nkhalamba ndi nkhani yeniyeni. Anga adalira pokhala pansi. Koma mwana wanga adali atapempha kale polembetsa malo, ndipo tidapeza kampando kafupi katandidikira pa tebulo. Nyumba zambiri masiku ano zili ndi zipinda za mabedi chifukwa cha okalamba ndi olumala, ndiponso mabafa a banja limodzi kwa amene sangathe kusamba pagulu. Wosadya zakutizakuti akanena nthawi ikadalipo, ambiri amayesetsa kumukonzera zina. Amene wapempha amathandizidwa. Kupempha ndi kulamula zimasiyana monga odi amasiyanirana ndi kukankha chitseko.

N'zoonanso kuti ntchito ya amayi a nakai ndi yowawa. Amayamba m'mamawa, amapuma masana, nkuyambanso mpaka usiku, ndipo malipiro ake sakopa achinyamata. Kumwetulira kwawo kusatipusitse kuti tiyese kuti ali pa tchuthi. Koma wowamvera chisoni afike pa nthawi yake ndi kuchepetsa zolamula. Ukaona munthu wasenza mtolo wolemera sukwerapo pamwamba.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: si chilichonse chotchedwa mwambo chimene chili chabwino. Mu 1999 nyumba ina yosambiramo ku Otaru, pa chilumba cha Hokkaido, inkabweza aliyense wooneka wachilendo, ponena kuti amalinyero ena akunja adasokonezapo pamalopo. Amuna atatu adakasuma, mmodzi wa iwo mzungu amene adali atatenga unzika wa Japan, ndipo mu 2002 bwalo la milandu la ku Sapporo lidagamula kuti limenelo ndi tsankho. Mu 2013 mayi wina wa mtundu wa Maori wa ku New Zealand adabwezedwa pa nyumba ina yosambiramo ku Hokkaido komweko chifukwa cha mphini za makolo ake za pachibwano. Malo ambiri a onsen amakanabe anthu ojambula pathupi, chifukwa kumeneko zojambulazo anthu amazigwirizanitsa ndi zigawenga za yakuza. Nditamva za mayi uja ndidakumbuka agogo anga aakazi, amene adali ndi mphini pankhope ndi pamsana, munthu waukhondo ndi waulemu woposa onse amene ndidawadziwa. Akadawabweza, ndikadakweza mkuwe ngakhale kwa eni.

Nanga tisiyanitsa bwanji mwambo woyenera kuumvera ndi tsankho loyenera kulitsutsa? Muyeso wanga ndi uwu. Lamulo limene likufunsa zimene uchite, ndipo munthu wa mtundu uliwonse angathe kulisunga, ndi mwambo wa nyumba: vula nsapato, samba usadalowe m'dziwe, fika pa ola lake. Lamulo limene likufunsa khungu limene udabadwa nalo kapena chizindikiro cha mtundu wako ndi tsankho, ngakhale litakhala ndi zaka zingati. Madandaulo onse anayi a mwana wanga wa sukulu uja ali m'gulu loyamba. Palibe adamubweza pakhomo. Ndipo ku Kinosaki nyumba zosambiramo anthu onse zimalandira ngakhale ojambula pathupi, chonsecho lamulo la kusamba usadalowe m'dziwe likadali chilili. Tauni imeneyi idadziwa choyenera kumasula ndi choyenera kugwiritsa.

Onaninso phunziro lina m'nkhani ya ku Otaru. Eni nyumba adalakwa, ndipo bwalo lidawadzudzula. Komabe chimene adachigwiritsa ntchito ngati chifukwa chidali khalidwe la alendo ochepa, ndipo amene adavutika ndi ena osalakwa amene adabwera pambuyo pawo. Mlendo sayenda yekha. Kumbuyo kwake kuli anzake onse a khungu lake ndi a dziko lake amene adzagogode pa khomo lomwelo chaka chamawa. Ife a kuno timafika kumeneko ochepa kwambiri, kotero kuti mmodzi akachita chipongwe, nyumba imeneyo idzatikumbukira tonse pa iye.

Ndipo nyumba zimenezi zikutha. Mu 1980 m'dziko la Japan mudali ryokan zoposa 80,000. Pofika 2017 zidatsala zosakwana 40,000. Zifukwa n'zambiri: ana a eni nyumba adapita ku mizinda, antchito akusowa, maulendo a magulu a antchito a makampani amene ankadzaza nyumbazi adachepa, ndipo eni dziko ambiri adazolowera mahotela. Pamene zikutha choncho, alendo akunja akuchuluka. Mu 2024 adafika pafupifupi 37 miliyoni. Nyumba yosauka imamvera amene wabwera ndi ndalama. Aliyense akamafika ndi kulamula bedi, chakudya cha kwawo, ola lakelake ndi bafa lakelake, eni nyumba adzagonja pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina mlendo adzawoloka nyanja ndi kupeza chipinda chofanana ndi chimene adachisiya ku Dubai. Ku Yamanashi kuli nyumba yotchedwa Nishiyama Onsen Keiunkan, imene mbiri yake imayambira m'chaka cha 705. Yapirira nkhondo, zivomezi ndi miliri kwa zaka zoposa 1,300. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti nyumba zotere zidzagonjetsedwe ndi anthu osafuna kuwerama kumasula zingwe za nsapato. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Amene safuna zonsezi palibe akumukakamiza. Mahotela ku Japan alipo ambiri, a mabedi ndi makiyi, mmene munthu angadye pakati pa usiku osaonana ndi wina aliyense. Apite kumeneko, ndipo sindidzamunena. Koma kulowa m'nyumba imene chuma chake ndi mwambo, nkumanyoza mwambowo, kuli ngati kupita ku gule nkumadandaula kuti ng'oma zikusokosa. Walira mvula walira matope.

M'mawa wa tsiku lonyamuka tidapeza nsapato zathu zitaikidwa pakhomo, zala zake zitaloza kunja kuti tingolowetsa mapazi. Mayi okami ndi mayi nakai uja adatuluka nafe mpaka pamsewu, kunja kukuzizira. Tidayenda, ndipo nditacheuka pa kamlatho ndidawaona akadali chiimire. Adawerama, nanenso ndidawerama. Mwana wanga adandiuza kuti salowa m'nyumba mpaka mlendo atazimirira. Ndalama zathu adali atalandira kale, ndipo ankadziwa kuti nkhalamba ya ku Africa siidzabweranso. Ulemu umenewo suli pa risiti. Umaperekedwa kwa mlendo, ndipo mlendo ali nayo mbali yake yoti abweze.

Choncho adzukulu anga, ena a inu mudzayenda kutali kuposa kumene ine ndidafika, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mukadzafika pa khomo la eni, kaya ndi ku Kinosaki kaya kwina, yambani mwayang'ana chimene eni ake akuchita ndi mapazi awo. Chimene simukuchidziwa funsani. Chimene thupi lanu silingathe pemphani mwaulemu nthawi ikadalipo. Akakunyozani chifukwa cha khungu lanu, pamenepo musakhale chete. Koma musadzatulutse chikwama cha ndalama poyankha munthu amene wakupemphani kuti muvule nsapato. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Kwa iwe mwana wanga wa sukulu, ngati mawu awa akupeza, usakwiye. Ndidakuphunzitsa kuwerenga, ndipo mphunzitsi sapuma pa mwana wake. Ubwere kunyumba tidzamwe tiyi, udzandiyankhe pamaso. Amayi akunyumba adazira khonde dzana, choncho nsapato udzazisiye pa sitepe.

Tsalani bwino nonse.

Ndine agogo anu.